Dokotala amene simukumana naye: kupeza woyeza zotupa za m'kamwa ndi nsagwada ku Chitungwiza

Dzino likayamba kuwawa usiku, munthu sachita kufunsa kopita. Kukacha amakaonana ndi dokotala wa mano, dzinolo amalizula kapena kulimata, amalandira mapiritsi a masiku angapo, ndipo sabata isanathe wayambanso kukukuta chimanga chootcha pamsika wa Makoni. Matenda ambiri a m'kamwa amathera pomwepo. Koma alipo ena amene samva zimenezi. Dzino lazulidwa, tsaya osaphwa. Lazulidwa lachiwiri, bala osapola. Kachilonda ka m'mbali mwa lilime kapirira madzi amchere, kapirira mankhwala ovumata, mwezi watha kadakali pompo. Zikafika apa, nkhani yachoka pa dzino. Pafunika wina wonena dzina lenileni la nthendayo.

Dokotala angathe kuyang'ana ndi kukhudza, n'kukhala ndi chimene akuchiganizira, koma zotupa za m'kamwa zimanamiza. Chotupa chosaopsa ndi khansa zimatha kuoneka chimodzimodzi kunja, ndipo ngakhale chithunzi cha X-ray chimangosonyeza kuti fupa ladyeka, osatchula chimene chalidya. Amene amatchula ndi munthu wa mu labotale, wokhala tsiku lonse pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso.

Madokotala atatu a pakamwa pamodzi

Anthu ambiri amadziwa mmodzi yekha, wozula ndi kumata mano. Wachiwiri ndi wa maopaleshoni a nsagwada ndi nkhope: amene amalumikiza nsagwada yothyoka pa ngozi ya kombi, kuchotsa zotupa zazikulu, ndi kukonzanso nkhope. Ku Zimbabwe ntchito imeneyi inatchuka ndi Pulofesa Midion Chidzonga wa pa University of Zimbabwe, amene analemba zambiri za zotupa za nsagwada ndi khansa ya m'kamwa mwa odwala a ku Harare.

Wachitatu ndiye wa mutu uno. Pa mapepala a kuchipatala amamulemba kuti oral and maxillofacial pathologist. Ife timutche woyeza minofu ya m'kamwa ndi nsagwada. Amayamba waphunzira udokotala wa mano, kenako amawonjezera zaka zingapo akuphunzira kuzindikira matenda poyang'ana maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi lonse. Sazula dzino, sagwira mpeni wa opaleshoni, ndipo odwala ambiri amene iye wawapulumutsa sanamuonepo nkhope. Dzina lake amangolipeza pansi pa pepala la zotsatira.

N'chifukwa chiyani pakamwa pafunika katswiri wakewake? Nsagwada ndi mafupa okhawo m'thupi amene amamera mano. Mano akamapangika mwa mwana, timaselo tina totsala timakhalira m'fupamo moyo wonse, ndipo tingathe kudzuka patapita zaka n'kupanga zotupa zimene sizipezeka pa mwendo kapena m'mimba. Palinso tiziwalo totulutsa malovu, tikuluti tili kutsogolo kwa khutu, pansi pa nsagwada ndi pansi pa lilime, ndipo mazana a ting'onoting'ono tamwazikana m'milomo ndi kumwamba kwa m'kamwa. Zotupa za tiziwalo timeneti zili ndi mitundu yambiri yofanafana, yovuta kusiyanitsa ngakhale kwa woyeza minofu amene wagwira ntchito zaka zambiri.

Akatswiri otere ndi ochepa m'chigawo chathu chino. Ambiri amaphunzira ku South Africa, m'mayunivesite a Pretoria, Witwatersrand ndi Western Cape. Ku Witwatersrand, mu Johannesburg, n'kumene kunali Mervyn Shear, amene mu 1976 anatulutsa buku lonena za matumba a madzi omera m'nsagwada, limene madokotala a mano padziko lonse akhala akuphunzirapo. Kumene kulibe katswiri wa m'kamwa weniweni, minofu imayezedwa ndi woyeza minofu ya thupi lonse, amene amamutcha histopathologist. Pa matenda ofala, monga khansa ya lilime, iyeyu ndi wokwanira ndithu. Ndi pa zotupa zachilendo za m'fupa ndi za malovu pamene pamafunika maso achiwiri.

Choncho munthu wa ku Zengeza kapena ku St Mary's, m'Chitungwiza muno, asataye nthawi kuyendayenda m'tauni kufunafuna chikwangwani cha dokotalayu. Chimene ayenera kufuna ndi njira yoti kachidutswa ka mnofu wake kamufike, ndipo yankho libwerere.

Ulendo wa kachidutswa ka mnofu

Kudula kachidutswa koti kakayezedwe amakutcha biopsy. Dzinali limaopsa anthu kuposa ntchito yake. Ngati chilonda chili poonekera, dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi wonga wa pozula dzino, amadula kamnofu kakang'ono m'mphepete mwa chilondacho, amasoka ndi ulusi, wodwala n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Chotupa chikakhala chaching'ono amachichotsa chonse. Chikakhala pa chiwalo cha malovu kapena pa mwanabele wa m'khosi, nthawi zambiri amayamba ndi singano yopyapyala yokoka maselo. Chikakhala mkati mwa fupa pamafunika kutsegula pang'ono, mwina m'chipinda cha opaleshoni. Wodwala amene amamwa mankhwala osungunula magazi, monga warfarin, anene asanadulidwe.

Pali mphekesera yakale yoti chotupa ukachikhudza ndi mpeni chimalusa n'kufalikira. Anthu amaikhulupirira chifukwa anaonapo wachibale akudulidwa kenako n'kumwalira. Koma kawirikawiri wachibaleyo anafika kuchipatala nthendayo itapita kale patali. Biopsy inangoulula zimene zinalipo.

Kamnofuko kakangodulidwa amakaponya m'kabotolo ka madzi otchedwa formalin, amene amakaumitsa kuti kasawole. Madziwo ayenera kuchuluka pafupifupi kakhumi kuposa kamnofuko. Akakaika m'madzi wamba kapena kukakulunga pa thonje, maselo amawonongeka ndipo woyeza sangaone kanthu. Pa botolo pamalembedwa dzina la wodwala, ndipo limayenda ndi fomu imene dokotala wadzaza.

Fomu imeneyi anthu amaipeputsa, chonsecho ndi maso a woyeza. Iye sanamuone wodwalayo. Sakudziwa ngati ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kapena agogo, ngati chotupacho chakula m'masabata awiri kapena zaka zitatu, ngati munthuyo amasuta, kapena ali pa ma ARV. Maselo omwewo angatanthauze zosiyana mwa anthu awiri amenewa. N'chifukwa chake wodwala asabise kanthu pofotokoza, ndipo chithunzi cha X-ray chipite limodzi ngati chotupa chili m'fupa.

Mu labotale, kamnofuko amakachotsa madzi onse usiku wathunthu, n'kukakwirira mu phula longa la kandulo mpaka kakhale kachibuma kolimba. Makina a mpeni wakuthwa kwambiri amasenga kachibumako timagawo topyapyala kuposa tsitsi la munthu maulendo oposa khumi. Timagawoto amatiyala pa tigalasi n'kutinyika mu utoto wa mitundu iwiri: wina umadetsa pakati pa selo kukhala pa buluu, wina umafiiritsa zozungulira. Apo m'pamene woyeza amayamba kuwerenga. Amaona ngati maselo afola mwadongosolo kapena asokonekera, ngati akugawikana mopitirira muyeso, ngati abowola malire awo n'kulowerera mu mnofu wa pansi.

Ntchito yonseyi, pakakhala palibe chovuta, imatenga masiku angapo mpaka masabata awiri. Fupa limachedwa, chifukwa liyenera kuyamba lanyikidwa m'mankhwala kuti lifewe, apo ayi mpeni sungalisenge. Nthawi zina woyeza amafuna utoto wapadera wosiyanitsa mtundu wina wa khansa ndi unzake, ndipo utotowo sapezeka nawo labotale iliyonse. Kuchedwa kwa zotsatira sikutanthauza kuti nkhani ndi yoipa.

Zimene zimapezeka pa galasi

Chotupa cha nsagwada chimene madokotala a mu Africa amakumana nacho kawirikawiri ndi ameloblastoma. Chimachokera ku timaselo totsala ta mano tija, ndipo mwa odwala asanu, anayi chimawagwira nsagwada ya m'munsi, makamaka chakumbuyo. Si khansa, sichithamangira ku mapapo kapena ku chiwindi monga zimachitira khansa, koma sichisiya kukula. Chimadya fupa monga chiswe chimadyera nsichi: kunja kukuoneka bwinobwino, mkati mwatha. Poti sichipweteka, munthu amakhala nacho zaka, mano akugwedera limodzilimodzi, iye n'kumangowazulitsa. Chikapezeka chidakali chaching'ono, opaleshoni yake imasiya nsagwada ili chilili. Chikakula, pamafunika kudula gawo lonse la fupa n'kuikapo chitsulo kapena fupa lotengedwa pena, monga pa chiuno kapena pa mwendo. Kungochikokota n'kutseka sikukwanira pa mitundu yake yambiri, chimabwereranso. Apa m'pamene mawu a woyeza amalamulira kukula kwa opaleshoni, chifukwa thumba la madzi wamba la pa muzu wa dzino lofa limatha kuoneka chimodzimodzi pa X-ray, pomwe ilo limangofuna kuchotsedwa basi.

Mwa ana nkhani ndi ya liwiro. Mu 1958 dokotala wa ku Ireland, Denis Burkitt, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala, anafotokoza za khansa yotupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto m'zipatala za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo za ku Nyasaland ndi Rhodesia, kufunsa kumene nthendayi imaoneka. Anapeza kuti imakonda madera otentha ndi a chinyezi, ndipo imasowa kumapiri kozizira. Pambuyo pake zinadziwika kuti madera amenewa ndi a malungo ambiri, ndipo mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupacho, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr. Ku Malawi khansa ya Burkitt ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana. Harare ndi Chitungwiza zili pamalo okwera, a malungo ochepa, koma mwana amene wakulira kuchigwa cha Zambezi kapena cha Shire n'kubwera kudzakhala ndi azakhali ake ku Seke wabwera ndi mbiri ya kwawoko, ndipo dokotala ayenera kuuzidwa. Chotupachi chimatha kukula kuwirikiza m'masiku awiri okha. Mano a mwana amagwedera, diso limatuluka. Ubwino wake, chimasungunuka msanga ndi mankhwala a khansa ngati ayambidwa nthawi yabwino. Mwana wotupa tsaya mothamanga chotere sadikira kuti atsirize kaye mapiritsi a dzino.

Mwa akuluakulu, khansa zisanu ndi zinayi mwa khumi za m'kamwa zimayambira pa khungu lofewa lokuta m'kamwamo. Zimakonda m'mbali mwa lilime ndi pansi pake. Bungwe la World Health Organization limati mu 2022 anthu pafupifupi 390,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa ya milomo ndi m'kamwa, ndipo pafupifupi 188,000 anamwalira nayo. Zoyambitsa zazikulu ndi fodya ndi mowa, ndipo ziwirizi zikaphatikizana ngozi imachuluka koposa. Fodya wake ndi yense: ndudu za m'sitolo, wopichira pa pepala, ngakhale woika m'kamwa amene agogo ambiri samuwerengera kuti ndi fodya. M'dziko lolima fodya wambiri kuposa lina lililonse mu Africa, kumene kachasu sasowa, mfundoyi ndi yosafunika kuinena monong'ona. Anthu achialubino ndi ogwira ntchito padzuwa tsiku lonse ayenera kusamala mlomo wa m'munsi.

Palinso matenda amene m'kamwa mumaulula chitetezo cha thupi chikatsika. Zigamba zofiirira moderapo kumwamba kwa m'kamwa kapena pa nkhama zingakhale khansa ya Kaposi, imene inachuluka kwambiri ku Zimbabwe ndi ku Malawi HIV itafala, ndipo yatsika ma ARV atayamba kupezeka. Zoyera zonga mkaka wogona zimene zimachoka ukazipukuta nthawi zambiri ndi mafangasi, ndipo zimachizika popanda kudula. Zoyera zosachoka ukazipukuta ndiye zofunika kuyezedwa.

Pali nthenda ina imene siidikira labotale. Noma, chilonda chimene chimayamba pa nkhama za mwana wonyentchera, kawirikawiri wa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, chimabowola tsaya m'masiku owerengeka. Mu Disembala 2023 World Health Organization inaiika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha. Mwana wa nkhama zowola, m'kamwa monunkha ndi tsaya lotupa apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Poyambira pake ku Chitungwiza

Chitungwiza inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 370,000. Ili ndi makiliniki a khonsolo, madokotala a mano apulayiveti, komanso Chitungwiza Central Hospital, chimodzi mwa zipatala zikuluzikulu za boma. Harare ili pa mtunda wa makilomita osakwana 30 kudzera mu Seke Road. Poyerekeza ndi munthu wa ku Binga kapena ku Nsanje, wokhala kuno ali pafupi ndi thandizo. Chimene chimamuchedwetsa si mtunda, ndi kuzungulira: lero kwa wogulitsa mapiritsi, mawa kwa sing'anga, mkuja ku mapemphero a kuthengo, ndalama n'kuthera m'njira.

Muyeso wosavuta kukumbukira ndi wa masabata awiri kapena atatu. Chilonda cha m'kamwa, chigamba choyera kapena chofiira, chotupa, bala la pozula dzino, chilichonse chimene chadutsa nthawi imeneyi osasintha chiyenera kuonedwa ndi dokotala wa mano, ngakhale chisakupweteka. Chimodzimodzi dzino logwedera popanda chifukwa, dzanzi la mlomo wa m'munsi, kulephera kuyasamula bwino, ndi mwanabele wolimba wa m'khosi. Aspirin woika pa nkhama amaotcha mnofu n'kusiya chigamba choyera chimene chimangosokoneza dokotala.

Zipatala za boma zimayenda ndi kalata. Kiliniki imatumiza ku chipatala chachikulu, ndipo zotupa zofuna akatswiri a nsagwada zimapita ku Harare, ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, imene akuluakulu amaidziwabe ndi dzina loti Gomo. Ku Parirenyatwa n'kumene kuli sukulu ya madokotala ya University of Zimbabwe, kaundula wa khansa wa dziko lonse, ndi malo owotchera khansa ndi cheza champhamvu; malo ena a boma otere ali ku Mpilo, ku Bulawayo. Amene ali pa medical aid, monga Cimas kapena PSMAS, kapena amene angathe kulipira, mnofu wawo ungapite ku labotale yapulayiveti mu Harare. Afunse mtengo asanadulidwe, chifukwa malipiro a wodula ndi a woyeza amakhala osiyana.

Wofuna kutsimikiza kuti dokotala ndi wovomerezeka, kapena kuti ndi katswiri wa chiyani, afunse ku Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, bungwe limene limasunga kaundula wa madokotala onse m'dzikomo. Ku Malawi ntchito yomweyo ili m'manja mwa Medical Council of Malawi.

Asanatuluke m'chipinda cha dokotala, wodwala kapena womuperekeza afunse zinthu zinayi: mnofu ukupita ku labotale iti, adzautengera kumeneko ndani, zotsatira zidzatuluka liti, ndipo akazitenge kuti. Mafunsowa si mwano. Nthawi zina wachibale ndiye amapatsidwa botolo kuti akalisiye yekha ku labotale. Akatero alandire risiti yokhala ndi nambala, aisunge pamodzi ndi khadi la kuchipatala. Ndipo chilichonse chimene chachotsedwa m'kamwa, kupatula dzino wamba, chiyenera kukayezedwa, ngakhale dokotala atanena kuti chikuoneka chosaopsa.

Mabanja ambiri a kuno makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amazivomereza, koma m'chipatala mumamveka Chishona ndi Chingelezi. Agogo amene amafotokoza bwino ululu wawo m'Chichewa apite ndi mdzukulu womasulira, ndipo mdzukuluyo amasulire zonse, osasankha zokoma zokha.

Pepala likabwera

Zotsatira zimalembedwa m'Chingelezi cha madokotala, ndipo mawu ofunika amakhala kumapeto. Benign ndiye kuti chotupacho si khansa, ngakhale chingafunebe opaleshoni, monga taonera pa ameloblastoma. Malignant ndiye khansa. Dysplasia ndi maselo amene ayamba kusokonekera koma sanafike pa khansa. Apa m'pamene kusiya fodya ndi kubwerera kukaonedwa nthawi ndi nthawi kumapindulitsa kwambiri. Pambuyo pa opaleshoni yaikulu pepala limanenanso za margins, m'mphepete mwa chimene chadulidwa: ngati m'mphepetemo mulibe maselo a nthenda, wodulayo anazungulira chotupa chonse. Pepala likanena kuti mnofu unali wosakwanira, si kuti munthu alibe nthenda. Afunika kudulidwanso.

Zimachitikanso kuti pepala likuti palibe choopsa, pomwe chotupa chikukulirakulira. Mwina kachidutswa kanatengedwa pambali, kapena chotupacho ndi cha mtundu wosowa uja. Apa ndi pamene wodwala ali ndi chifukwa chomveka chopempha, kudzera mwa dokotala wake, kuti woyeza wa m'kamwa ndi nsagwada weniweni aonenso. Sipafunika kuti munthuyo akwere basi yopita ku South Africa. Labotale imasunga tigalasi ndi kachibuma ka phula kaja kwa zaka, ndipo zimenezi zingatumizidwe ku Pretoria kapena ku Cape Town. Masiku ano galasi limathanso kujambulidwa n'kutumizidwa pa intaneti. Ku Lilongwe, labotale ya pa Kamuzu Central Hospital, imene inayamba mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina, yakhala ikukambirana zotsatira ndi akatswiri a ku America mwa njira imeneyi. 

Anthu a kuno amasamuka: wina wapita ku Johannesburg kukafuna ganyu, wina wabwerera kumudzi ku Dedza kapena ku Mangochi. Ameloblastoma imatha kubwerera patapita zaka zisanu kapena khumi, ndipo dokotala watsopano adzafuna kudziwa dzina la chotupa choyamba, mtundu wake, ndi m'mene anachidulira. Pemphani kope la pepala la zotsatira, lijambuleni pa foni, ndipo nambala ya labotale muilembe penanso. Ndi nambala imeneyo, dokotala wa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre angathe kuitanitsa kachibuma kamene kanasungidwa ku Harare.